Laputopu ya Malemu Efulemu

Mng'ono wanga Efulemu tinamuika dzuwa lili paliwombo, ndipo ine sindinalire. Ndinaima kumanda nditavala nsapato za ku Durban zondipana zala, n'kumawerenga pa mitanda mayina a anthu amene ndinawasiya akuthamangitsa mpira wachikulunga. Anthu anati Chipulumutso ndi wolimba mtima. Sikunali kulimba. Ndinali ngati dzino limene adokotala alibaya jakisoni: ukaligogoda umamva kuti lagogodedwa, koma ululu sufika.

Ku Mitundu ndinachokako tsitsi lili bii, ndabwerako lili mbuu. Zaka zonsezo ndinali ku Durban, kusanja mabuku m'laibulale ya eni ake ndi kumawawerenga bwana akatembenuka. Mitundu imene ndinaisunga m'mutu inali ya mikuyu, ya ngolo za fodya, ya anthu opatsana moni mpaka kufunsana za mbuzi. Imene ndinaipeza ndi ya njinga zamoto ndi masipika olimbana mawu. Phiri la Bunda lokha ndilo linakana kusamuka.

Maliro atatha ndinangomva kuti mwini mbumba tsopano ndine. Amalume athu maso anachita khungu, miyendo nayo ikutsatira. Wamkulu wotsala ndinali ine, mlendo wosadziwa ngakhale pogulira mchere.

Kwathu munthu akamwalira, katundu wake amasonkhanitsidwa m'chipinda chimodzi, chitseko n'kukiyidwa, kiyi n'kupita kwa akuchimuna. Wamasiye sakhudza kanthu mpaka tsiku lomusudzula, pamene akuluakulu amagawa katunduyo ndi kunena ngati akhalebe pamalopo kapena abwerere kwawo. Kiyi anatenga mlongo wanga Esnart. Ndipo aliyense ankadziwa kuti nkhani yeniyeni si majekete a malemu ayi, ndi nyumba. Efulemu anaimanga ndi njerwa zowotcha pamalo a amayi, n'kukatenga mkazi wake Rozina ku Malingunde kuti adzakhale naye pachitengwa. Rozina anatsala ndi ana atatu a pasukulu, wamkulu wake Tiyanjane. Akuluakulu akati akhale, akhala. Akati ndi wakuba, anyamula ana ndi mapoto.

Patatsala masiku ochepa kuti tisudzule, Esnart anatsegula chipinda chija, ati aanike zovala za malemu. Kenako ndinamva mfuu.

*

"Yasowa! Achimwene, bwerani mudzaone nokha, mawa musadzati Esnart ndi wabodza!"

M'chipindamo munali masutikesi awiri, njinga yakapalasa, wailesi yaikulu, jekete lopachikidwa pa msomali. Patebulo panali chaja chokulungidwa bwinobwino, ndipo pambali pake panali malo a makona anayi opanda fumbi. Mawindo anali ndi zitsulo zake zonse. Loko sanathyoledwe.

Laputopuyo ndinkaidziwa, pakuti ndinamutumizira ndine, ili kale nkhalamba. M'kupita kwa zaka inayamba kuyenda ngati ng'ombe yokoka ngolo pamatope, kenako kunamveka zoti Windows imene inalimo eni ake asiya kuisamalira, ndipo yatsopanoyo sikwana m'makina akale. Efulemu anandiimbira kuti ndimugulire ina. Ine ndinamuuza za Linux, imene tinkagwiritsa ntchito kulaibulale m'malo mwa Windows: yaulere, yopangidwa ndi anthu amene amasiya zonse poyera kuti wofuna aone ndi kukonza, ndipo makina okalamba imawadzutsa. Anakana, anadandaula, kenako anayesa. Kuyambira pamenepo sanapemphenso laputopu ina.

"Makiyi a chitseko ichi ndi angati?" ndinafunsa.

"Ine ndili ndi ino. Koma mkazi amene wagona m'nyumba muno zaka zonsezi angalephere kukhala ndi ina? Musachite ngati mwabadwa dzulo, achimwene. Kapena ku Joni akazi sasunga makiyi?"

"Ndinali ku Durban."

"Konseko ndi ku Joni."

"Wakuba asiye wailesi, asiye njinga, atenge laputopu yokalamba, chaja n'kuiwala? Akufuna chiyani?"

Esnart anamanganso chitenje mwamphamvu, monga amachitira akafuna kuyamba nyimbo kutchalitchi.

"Muli mawu a amayi mmenemo! Inu simungadziwe, munali kotola ndalama. Amayi asanamwalire Efulemu anawajambula akuyankhula masana onse. Ananena za malo ano. Ananena kuti ndi a mbumba, a ine ndi ana anga, osati a mkazi wobwera."

"Unamva ndi makutu ako?"

"Ndinali kudimba tsikulo. Koma amayi anga ndimawadziwa. Wowasambitsa ndinali ine, wowatembenuza pamphasa ndinali ine. Rozinayu wayamba wafufuta zonse, mkati mwangotsala mbee, mopanda ngakhale chithunzi chimodzi, ndiye wakagulitsa chikombolecho kuti tisadzaone."

Mawu amenewo ndinawanyamula n'kuwaika pambali m'mutu, monga ndinkachitira ndi buku lopanda nambala: usalitaye, malo ake apezeka. Zoti amayi anajambulidwa ndinazimva koyamba tsiku limenelo. Anamwalira ine ndili kutali, ndipo mawu awo anali atayamba kundithawa. Ndinkakumbuka zimene ankanena, osati mmene ankazinenera. Ndinadikira kuti mtima ugunde. Sunagunde.

*

Rozina ndinamupeza kuseri kwa nyumba, pamphasa, duku lakuda lili kumutu, akusankha nyemba m'lichero. Anali ndi amayi awiri a kutchalitchi kwawo amene ankamukhazika chiikire maliro. Mfuu ya Esnart anali ataimva, monga anaimvera mudzi wonse.

"Alamu," anatero, osadzutsa mutu.

"Laputopu munaiona liti komaliza?"

"Tsiku lokiya chitseko. Tiyanjane analira, ati ntchito yake ya kusukulu ili mmenemo. Achemwali anu anati mwambo sudziwa za sukulu."

"Kiyi ina muli nayo?"

"Inalipo. Bambo a Tiyanjane anaitaya kumunda chaka chatha." Anataya kamwala kunja kwa lichero. "Ndikatero akhulupirira ndani?"

Mmodzi wa amayi aja, wonenepa, wa mawu ngati belu, analephera kupirira.

"Bambo, pepani ndilowerere. Mayiyu chiikire maliro sanatuluke pampanda pano. Kubafa timamuperekeza, kuchimbudzi timamudikira pakhomo. Akanaigulitsa kwa ndani, kwa nkhuku?"

"Akanatha kutuma munthu," anatero mnzakeyo motsitsa, "ndi mmene anenere anthu."

"Anthu ake ati? Tatchulani!"

Ndinawasiya akukangana, ine n'kubwerera kwa Rozina.

"Mumadziwa kuitsegula?"

"Pasiwedi ndi dzina la ng'ombe yathu yoyamba. Ana onse amaidziwa."

"Nanga Esnart?"

"Sanafunsepo. Ankati ndi chidole cha anthu ophunzira."

"Akuti munafufuta zonse zamkatimo."

Apa ndi pamene anandiyang'ana. Maso ake anali ouma ngati anga.

"Ndifufute nkhope ya mwamuna wanga, alamu? Ukangoiyatsa amayamba kutulukira ndi iyeyo, akuseka, atanyamula mbuzi paphewa."

"Akati muchoke, mupita kuti?"

"Ku Malingunde kuli achimwene anga ndi mkazi wawo ndi ana awo. Chipinda n'chimodzi."

Anabwerera ku nyemba zake.

*

Amene anathandiza Efulemu kuika Linux anali Bushira, mwana wa a Abdulwahab a shopu ya zitenje ndi shuga pamsika wa Mitundu. Anaphunzira za makompyuta m'tauni, ntchito n'kusowa, ndiye bambo ake anamudulira kona ya shopuyo kuti azisindikizirapo mapepala a anthu.

"Ankolo a ku Joni!" anandilandira chotero. "Ndinu amene munawapatsira matenda aja?"

"Matenda ati?"

"A Linux! Tsiku loyamba anabwera ndi fulashi m'manja, akunjenjemera ngati mnyamata wopita ku jando. 'Bushira, zithunzi zanga zisatayike. Bushira, nanga ndikalephera kulemba kalata?' Tinakopera zinthu zawo zonse pambali, tinachotsa Windows, tinaika Linux Mint, n'kubwezera katundu wawo. Itangoyaka, n'kuona kuti ikuthamanga, eee, basi munthu watembenuka mtima. Aliyense wolowa mu shopu muno amamugwira pamkono. 'Achimwene, kompyuta yanu imachedwa? Imadwala mavairasi? Pali njira.' Mpaka bambo anga anawauza kuti, a Efulemu, ife chipembedzo tili nacho kale."

A Abdulwahab, amene ankayeza shuga kuseri kwa kauntala, anagwedeza mutu.

"Anali munthu wabwino. Wolongolola, koma wabwino. Mulungu amuchitire chifundo."

"Zimene munakopera pambali zija mukadali nazo?" ndinafunsa.

"Anandiuza ndifufute tsiku lomwelo, ati n'za pabanja. Ndinafufuta iwo akuona."

"Pali amene wabwera nayo kuno, kudzagulitsa kapena kudzakonzetsa?"

Bushira anaseka.

"Kuno? Ankolo, laputopu ija ku Mitundu imadziwika kuposa khansala. Pakona ili ndi mng'alu womata ndi selotepi yofiira. Anaionetsa kwa aliyense, mpaka ogulitsa usipa. Munthu angayende nayo kuno n'kufika pamsewu osafunsidwa? Apite nayo m'tauni. Kapena ku Nathenje, kumsewu waukulu, kumene nkhope zimasintha basi iliyonse ikaima."

"Inu munaiona liti komaliza?"

"Atangoyamba kudwala. Anabwera kudzasindikiza za Tiyanjane. Inali yodzaza mpaka kukhosi. Ndinawauza kuti achepetseko mavidiyo, anati, 'Ndichotse uti, amayi kapena ana?'"

Ndinatuluka n'kuima pakhonde la shopuyo. Pamene panali mkuyu umene tinkadikirirapo basi ya m'mawa, wina anali kuwotcha mapazi a nkhuku. Buku lopanda nambala lija linayamba kupeza shelefu yake.

Esnart sankadziwa pasiwedi. Sanaitsegulepo laputopuyo. Komabe ananena molimba, ngati munthu woona ndi maso, kuti mkati muli mbee, mopanda chithunzi ngakhale chimodzi. Akanati akungopeka, bwenzi atanena kuti Rozina wabisa kapena wagulitsa basi. Koma ine ndinaonapo kangapo kulaibulale munthu akulira kuti zinthu zake zafufutika pamene zilipo. Linux ili ndi kasungidwe kake ka zinthu, ndipo kompyuta ya Windows kasungidwe kameneko sikawerenga. Ukachotsa hadi disiki, nkhokwe ya zonse zamkati, m'makina a Linux n'kuilumikiza ku Windows, siikuonetsa kanthu. Imangokufunsa ngati ukufuna kufomata, ndiko kusesa zonse kuti uyambe mwatsopano.

Munthu wonena moona mtima kuti laputopu ya Efulemu ndi yopanda kanthu anayenera kuti anaimirira pambali pa wina amene anachita zimenezo.

Ndinaitana wakabaza.

*

Njira yachidule yopita ku Nathenje ndi yafumbi. Kale tinkaiyenda wapansi ndi Efulemu, iye ali pamsana panga tikafika pamchenga wotentha. Tsopano ndinaidutsa nditakumbatira m'chiuno mwa mlendo wonunkha petulo, zigafa za fodya zikudutsa m'mbali ngati mano oguluka.

Ku Nathenje okonza mafoni ndi oika nyimbo ali mumzere umodzi, aliyense ndi sipika yake. Woyamba anati laputopu sagwira. Wachiwiri anafuna kundigulitsa ina. Wachitatu anali bambo wa ndevu zosongoka, dzina lake lolembedwa ndi penti pamwamba pa chitseko: Mphatso.

"Madala, takulandirani! Tikuikireni chiyani, zauzimu kapena za makedzana zija munkavinira ndi amayi?"

Ndinasuzumira m'shopumo. Kumbuyo kwake, pa shelefu, pakati pa mafoni ong'ambika, panali laputopu yakuda ya selotepi yofiira pakona.

"Iyo si yamalonda, madala. Ili ndi eni ake."

"Eni ake ndani?"

"Mayi wina wa ku Mitundu, wamasiye. Duku lakuda, maso ofiira, chisoni chokhachokha." Anakanda ndevu. "Dzina anati ndani kodi? Eya. Rozina."

*

Ndinakhala pa benchi yake. Ndinaganiza za nyemba zija ndi za maso ouma aja. Ndikanakhala munthu wamoyo bwenzi nditakwiya, kaya ndi ndani.

"Fotokoza kuyambira pachiyambi," ndinatero.

"Ndinu apolisi, madala?"

"Ndine mkulu wake wa mwini laputopuyo."

"Aaa, pepani kwambiri. Chabwino. Anabwera pa kabaza, laputopu ataikulunga m'chitenje ngati khanda. Akuti, mwamuna wanga wamwalira, pasiwedi wapita nayo kumanda, koma muli mawu ena ofunika, nditulutsire. Ine ndayatsa. Madala, ntchito ino ndayamba kalekale, koma zimene ndinaonazo sindinazionepo. Si Windows, si chiyani. Pangotuluka bambo wina atanyamula mbuzi, akundiseka. Ndayesa njira zanga zonse zodumphira pasiwedi, yakana. Ndiye ndinati, iwe sundidziwa. Ndamasula, ndachotsa hadi disiki, ndailumikiza ku makina angawa." Anamenya kompyuta yake yaikulu ngati akusisita ng'ombe. "Mbee! Foda palibe, chithunzi palibe. Makina akungoti, fomata, fomata. Ndinawatembenuzira sikirini kuti, mayi, onani nokha, musadzati Mphatso wakuberani. Mulibe kanthu."

"Iwo anati chiyani?"

"Apo ndiye panandidabwitsa. Ine ndimayembekezera kulira, ndinayamba kale kusaka mawu opepesera. Koma iwo anawomba m'manja kamodzi, phaa! Akuti, 'Ndinadziwa ine! Wafufuta, mfiti ya ku Malingunde ija!' Ndiye ndinangoti, ohoo, za mitala izi, Mphatso usalowerere."

Efulemu anali ndi mkazi mmodzi. Mkaziyo ndiye wa ku Malingunde, ndipo pasiwedi sakanaifunsa kwa munthu wa ku Nathenje.

"Anasiya nambala ya foni?"

"Ine kasitomala aliyense ndimamumata nambala pa katundu wake, kuopa kusokoneza." Anatsitsa laputopuyo n'kuitembenuza. Kunsi kwake kunali kapepala komata, manambala olembedwa ndi bolopeni.

Sindinafunike kutulutsa foni yanga kuti ndifananize. Nambala imeneyo ndi imene inawala pa foni yanga ku Durban ndikukankha ngolo ya mabuku, mawu a mlongo wanga n'kunena kuti, achimwene, Efulemu watisiya.

"Usaigwirenso laputopuyi," ndinatero. "Zinthu zonse zilimo. Makina akowa ndi amene sakuziona."

"Zilimo bwanji, madala? Ndinaona ndekha."

Ndinamufotokozera mwachidule. Ankamvetsera pakamwa pali yasa, kenako dzanja linachoka pa ndevu n'kupita kumutu.

"Madala." Anatsitsa mawu. "Mayiwo anati, poti mulibe kanthu, uikonze ikhale ya mwana wanga wa kusekondale. Ndiye ine ndinafomata. Ndaikamo Windows, yoyera bwino. Komanso poti ndi amasiye ndinawamvera chisoni, ndinawaikira mafilimu ndi nyimbo, basela. Ndadzaza mpaka pakamwa. Simungaikemo ngakhale chithunzi chimodzi."

Anaiyatsa, kaya kuti andionetse, kaya akuyembekeza kuti bambo wa mbuzi uja atulukiranso. Panatuluka sikirini yabuluu, yosalala, yopanda nkhope ya munthu. Panja kondakitala ankakuwa, Dedza, Ntcheu, Balaka, malo alipo. Ndinakhala n'kumamvera kondakitalayo mpaka basi inanyamuka.

"Ndalakwa, madala?"

"Wagwira ntchito imene anakutuma. Loweruka utseke shopu, ubwere nayo ku Mitundu. Ya kabaza ndikulipirira."

*

Loweruka, tsiku losudzula, tinakhala pabwalo la nyumba ya Efulemu. Akuchimuna mbali ino, ankhoswe a ku Malingunde mbali iyo, Rozina pamphasa pakati pa amayi ake a kutchalitchi aja. Amalume anawakhazika pampando wa ndalema, ndodo ili pakati pa miyendo.

Esnart anayankhula koyamba ndipo anayankhula bwino. Ananena za mwambo, za chitseko chokiya, za mkazi amene sanadikire kuti dothi la pamanda liume. Anthu ankang'ung'udza movomereza. Mkulu wa ku Malingunde ankangoyang'ana zala zake za kumapazi.

Ali mkati moyankhula, njinga yamoto inaima kumpanda. Mphatso anatsika atavala shati yoyera ngati wobwera ku ukwati, laputopu ili kukhwapa. Anagwada pang'ono kupereka ulemu kwa akuluakulu, maso ake n'kuyendayenda pagululo. Anadutsa Rozina osaima. Atafika pa Esnart nkhope yake inamasuka.

"Mayi Rozina! Mwaswera bwanji? Katundu wanu uja ndabwera naye."

Nkhuku ina inadutsa pakati pa bwalo, palibe anaiingitsa.

"Ameneyo akuti ndani?" anafunsa amalume. "Ine maso ndilibe. Wina andiuze akuloza ndani."

"Akuloza Esnart, amalume," ndinatero.

Mlongo wanga sanakane nthawi yaitali. Si munthu wothawa nkhondo.

"Ndinatenga, inde! N'ya mchimwene wanga, ndipo kiyi munandipatsa ndinu nomwe. Dzina ndinabwereka, chifukwa mlongo sakanamutsegulira, amatsegulira mkazi. Ndimafuna mawu a amayi anga kuti muwamve nonse pano. Koma ndinapeza uyu atafufuta kale! Mufunseni mwamunayu, anandionetsa ndi maso angawa!"

"Anakuonetsa zimene makina ake anaona," ndinatero. "Efulemu anachotsa Windows chaka chatha n'kuika Linux. Makina a Windows sadziwa kuwerenga mmene Linux imasungira zinthu. Akakumana ndi chimene sakuchidziwa amangoti palibepo kanthu. Tsiku limene unaikulunga m'chitenje, zonse zinalimo, Esnart. Zithunzi, ntchito ya Tiyanjane, amayi. Ukanafunsa mwana aliyense wa m'nyumba muno dzina la ng'ombe, bwenzi lero tikuwamvera amayi pabwalo pano."

Anandiyang'ana, kenako anayang'ana Mphatso.

"Ndiye ayatse. Ngati zilimo, ayatse timve."

Mphatso anaweramitsa mutu.

"Munati ndiikonze, mayi. Ndinafomata. Muli mafilimu okhaokha."

"Mafilimu," anatero Esnart. Anabwereza kachiwiri, motsitsa, ngati akulawa mawuwo. Kenako anakhala pansi pafumbi pomwepo, chitenje chake chatsopano osachisamala. Palibe anapita kukamudzutsa. Inenso sindinapite.

Amalume anagogoda ndodo pansi.

"Chitseko watsegula ndi wa kwathu. Dzina la wamasiye waba ndi wa kwathu. Ndiye tithamangitse ndani? Mawu a mlongo wanga palibe wabwera nawo pano. Chimene chilipo ndi ana atatu ndi nyumba imene anamanga bambo wawo. Chipulumutso, mbumba ndi yako. Nena."

Anthu onse anatembenukira kwa ine, mlendo wa nsapato zopana.

"Rozina akhala," ndinatero. "Nyumba ndi yake ndi ana."

Amayi a mawu ngati belu aja analuluta. Mkulu wa ku Malingunde anawomba m'manja mwaulemu, katatu, n'kuyamba kuthokoza aliyense ndi dzina. Mwambo wotsalawo unayenda monga umayendera. Jekete linapita kwa amalume, njinga kwa mwana wamwamuna wa Efulemu. Laputopu palibe anaifuna. Tiyanjane anaitenga n'kunena kuti mawa apita nayo kwa Bushira akaikemonso Linux.

Esnart atadzuka anadutsa pafupi ndi ine akukutumula fumbi.

"Inu mubwerera ku Joni, achimwene," anatero osandiyang'ana. "Wotsala pampanda umodzi ndi mkazi ameneyu ndine."

*

Anthu atabalalika ndinapeza Rozina akukoka sutikesi ya mwamuna wake kuchokera m'chipinda chija kupita kuchipinda chogona. Duku lakuda anali atavula. Ndinafuna kumuthandiza, anakana ndi mutu.

"Alamu," ndinatero, "tsiku limene amayi ankajambulidwa, inu munalipo?"

"Ndinalipo. Ndinkawaingitsira ntchentche."

"Ndiye munamva zonse."

"Ndinamva."

"Za malo ano anati chiyani?"

Anaika sutikesiyo pansi n'kuwongoka pang'onopang'ono, dzanja lili m'chiuno. Anandiyang'ana nthawi yaitali, mopanda mkwiyo, mopanda mantha.

"Nyumba mwandipatsa pamaso pa anthu, alamu. Mukufuna ndiitaye ndi pakamwa panga?"

Ananyamulanso sutikesi ija n'kulowa nayo. Ali mkatimo ndinamumva akuuza mwana wamng'ono kuti atseke chitseko chakumaso, fumbi likulowa m'nyumba. Mwanayo anabwera, anaima atagwira chitseko, n'kumadikira kuti ndituluke.